Ulendo Uno Foni Ikhala Yozima

Lolemba, 3 Malichi

Laisensi ya pulogalamu ya bakapu, yosunga makope a zonse za m'makompyuta, yafika! Ndavina pang'ono mu ofesi, mimba patsogolo, mnzanga wa kuntchito, a Juzi, akungondiyang'ana ngati ndapenga. Zaka zonsezi ndikupempha, ndikulemba, ndikunyengerera. Lero abwana asayina okha osakankhidwa. Aona kuti mimbayi siidikira bajeti ya chaka chamawa.

Ndilembe bwinobwino, mwina tsiku lina ndidzafuna kukumbukira. Kampani yathu ya mabasi ili ndi maseva awiri, makompyuta akuluakulu oyendetsa zonse, m'kachipinda kozizira kuseri kwa tebulo langa. Ine ndimawatchula Wamkulu ndi Wamng'ono. M'kati mwawo mumakhala ma VM, timakompyuta topanda thupi: ka matikiti, ka malipiro a antchito, ka makalata, ka ku galaja. Ka matikiti kakagwa, anthu amadzaza pa depoti, madalaivala amaliza mahutala, ndipo foni imene imalira ndi yanga. Mpaka lero bakapu ndakhala ndikuchita ndi manja, kukopera pa disiki kumapeto kwa sabata. Wodziwa kubwezeretsa zinthu zikawonongeka ndine ndekha.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Ndikapita kukachira, foni izime.

Pobadwa mwana wanga woyamba sizinatheke. Chithunzi cha tsikulo chili pabalaza: ine pabedi la chipatala, khanda kudzanja limodzi, foni pakhutu, ndikuuza munthu mabatani oti adine. Maso ali kukhoma, osati pa mwana. Anajambula ndi abambo ake, ndipo kukabwera alendo amati, "Apa mayi anali pantchito, mwanayu anangowasokoneza." Anthu amaseka. Inenso ndimaseka, koma chimandiwawa.

Namwino akuti akadalipo masabata angapo. Zikwana.

Lachiwiri, 4 Malichi

Tsiku lolumikiza. Ndapanga akaunti yakeyake ya pulogalamuyi pa maseva. Osati yanga ayi. Yanga pasiwedi ikadzasintha ine kulibe, bakapu ingadzaime mwakachetechete, anthu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino.

Ndalemba adiresi ya Wamkulu. Yakana. Fayawo, mlonda wa pa netiweki, anatseka njira, ndipo anamutseketsa ndine ndemwe chaka chatha, ndikudzimva kuchenjera. Ndatsegula. Wamkulu walowa. Wamng'ono wakana, akuti satifiketi siyodalirika. Ndazungulira, ndazungulira, tiyi mpaka kuzizira. Kenako ndaona: wotchi ya Wamng'ono inatsalira m'mbuyo, iye akadali chaka chatha! Ndaikonza, ndadinanso.

Eee! Ma VM onse atulukira pa sikirini, mmodzimmodzi, ngati ana pa mzere wa kusukulu. Nthawi yomweyo wam'mimbayu wandimenya chibakera m'nthiti. Ndakuwa. A Juzi athamanga ndi sikuludalaiva m'manja, akuganiza kuti matenda ayamba.

A Juzi ndi mnzanga mu ofesi muno, wamkulu kwa ine, bambo wofatsa. Amakonza mapulinta ndi timakina todulira matikiti, ndipo ntchito imeneyo palibe amawaposa. Juzi savula ngakhale dzuwa likuswa mtengo, dzina linachokera pamenepo. Koma kachipinda ka maseva amakaopa. "Asisi, ine m'menemo ndimangolowa kukasesa," anatero mwezi watha. Ndi iwowa amene nditawasiyire zonse. Sindinawauzebe.

Miyendo yatupa. Nsapato zanga zonse zandikana, kuntchito ndapita ndi masilipasi a abambo ake.

Lachinayi, 6 Malichi

Bakapu yoyamba yatha. Zonse zobiriwira! Ndajambula sikirini, ndatumizira abambo ake. Ayankha kuti, "Zikuoneka ngati dimba la masamba." Munthu ameneyu.

Koma kukoma kwake. Pulogalamu imapempha seva kuti ijambule VM momwe ilili, imakopera, kenako imafufuta chojambulacho, anthu a matikiti osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. Ulendo woyamba yatenga tsiku ndi usiku wake. Wachiwiri imangotola zimene zasintha, ndisanamalize kudya nthochi yatha kale. Zaka zonsezi ndikunyamula madisiki m'chikwama ngati wogulitsa malonda.

Abwana abwera kudzaona. Aima kumbuyo kwanga, manja m'matumba, akugwedeza mutu ngati akumva. "Ndiye kuti tatha?" Ndawauza kuti ayi, zobiriwirazi zikungonena kuti zinthu zalowa, sitinaone ngati zingatuluke. Nkhope yagwa pang'ono. Amafuna akanene ku msonkhano wa akuluakulu.

Apongozi afika madzulo kudzatithandiza. Abwera ndi chikwama chachikulu kuposa changa cha kuchipatala. Andifunsa chimene ndimagwira kwenikweni, ndafotokoza bwinobwino, iwo n'kuti, "Ndiye mumasunga zinthu zosaoneka m'kati mwa zinthu zina zosaoneka, n'kumakulipirani?" Ndaseka mpaka kugwira tebulo. Ndimawakonda mayi amenewa.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndawauza a Juzi. Avula magalasi, awapukuta ndi juzi, awavalanso. "Asisi, bwanji osangosiya foni yoyatsa? Sitingamakuimbireni pafupipafupi." Ndawaonetsa chithunzi chija, ndili nacho m'foni. Achiyang'ana nthawi yaitali. Amene ndinkalankhula nawo tsiku limenelo anali iwo omwe. Akoka mpando.

Ndapanga ka VM kongoyeserera, ndakafufuta iwo akuona, ndati bwezeretsani. Akadina pena, amabweza dzanja ngati agwira mbaula. Ine osaugwira mtima, ndikungolanda mausi. Kachitatu konse. Mapeto ake akuti, "Asisi, mukangogwira mausi, ine mutu umazima." Zoona. Ndakhalira manja anga, enieni, pansi pa ntchafu, ngati mwana wolangidwa. Ka VM kabwerera. A Juzi aimirira, awomba m'manja kamodzi, akhalanso pansi mwamanyazi.

Tsiku labwino. Pobwerera ndagula timasokosi tiwiri tachikasu, sindinathe kudziletsa.

Lamulungu, 9 Malichi

Lero ndiye lero.

Tinapita kusitolo yaikulu kukagula zotsala: beseni, matewera, sopo. Potuluka, abambo ake akufufuza m'matumba. Kiyi palibe. Tasuzumira pawindo, uyo, akulendewera m'galimoto, zitseko zonse zokhoma. Ine ndati palibe vuto, si paja pali kiyi wapadera? Iwo maso pansi. Kiyi wapadera ali m'kabokosi ka kutsogolo, m'galimoto momwemo! "Ndinamusunga pabwino kuti asatayike."

Mayo ine, kuseka! Ndinakhala pa beseni la mwana pakati pa magalimoto, misozi ikutsika, anthu akudutsa akuganiza kuti ndikumva zowawa. Mlonda wa pasitolo anabwera ndi waya, anthu anasonkhana, aliyense ndi nzeru zake. Ine ndikungobwereza, "Pabwino! Kuti asatayike!" Ndinawaseka bambowa mopanda chisoni, ndivomere.

Chitseko chinatseguka. Tikubwerera, ine ndikusekabe, kenako kuseka kunangoduka.

Pulogalamu ya bakapu ndinaiika kuti? Mu VM. VM imeneyo ikukhala kuti? Mwa Wamkulu. Zonse zimene yakopera zili pa madisiki a ndani? A Wamkulu. Ka matikiti kalinso mwa Wamkulu momwemo. Ndinaika m'menemo tsiku loyamba pongofuna kuyesa, ndikuti ndisamutsa, kenako zobiriwira zija zinandiledzeretsa. Wamkulu atafa lero, afa ndi matikiti, ndi bakapu, ndi pulogalamu yobwezeretsera, zonse limodzi. Kiyi wanga wapadera ali m'galimoto.

Ndinawauza abambo ake. Anaimika galimoto pambali kuti aseke bwino. "Ndiye tili awiri, mayi. Mwanayu abadwira m'banja la anthu osunga zinthu pabwino." Mpaka pakhomo akundiyimbira kanyimbo kopeka. Apongozi sanamve mutu wake koma anaseka nawo.

Manyazi alipo, koma chimwemwe chaposa. Bwenzi ndikudzazindikira ndili pabedi lija.

Lolemba, 10 Malichi

M'mawa kusikelo. Namwino wagwiragwira, akuti mwana watsika, chikwama chikhale pakhomo. Ndati paja munati masabata. Iye akuti, "Ine ndinanena, koma mwiniwakeyo sanasayine."

Ndiye changu. Ndawafotokozera abwana za kiyi ndi galimoto, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito pano amvetsa nkhani ya maseva ulendo umodzi. Andilola kutenga chikompyuta chakale chija chinali m'chipinda chosungira katundu, chachikulu ngati kafiriji, ndi madisiki atsopano amene tinasungira Wamng'ono. Sichikhala m'kachipinda kozizira ayi. Chipita kutsidya kwa bwalo, mu ofesi ya ku galaja. Nyumba ina, magetsi ena, denga lina.

Anyamula ndi amakaniko awiri, ine kumbuyo ndi masilipasi ndikulamula ngati kapitawo. A Juzi akwera makwerero kukoka waya wa netiweki, apa ndiye ali kwawo, akuimba mluzu. Pulogalamu ndaiikanso pachiyambi, ndalumikizanso maseva onse awiri. Ulendo uno palibe wakana. Ndayambitsa bakapu yonse mwatsopano.

Msana ukuwawa. Koma ndi kuwawa kwa ntchito, ndikudziwa kusiyana kwake. Ndikuganiza kuti ndikudziwa.

Lachitatu, 12 Malichi

Zobiriwiranso, tsopano kuchokera ku galaja. Ndafufuta yakale ija mwa Wamkulu ndi mtima woyera.

Dzulo chikompyuta chinazima masana. Ndathamangira, ngati kuyenda kwangaku kungatchedwe kuthamanga. Ndapeza mkulu wa amakaniko wazula pulagi kuti aphitse madzi a tiyi. Wopanda n'chikumbumtima chomwe, akundipatsa kapu! Ndamwa, tiyi wake ndi wabwino. Kenako a Juzi amata soketi yonse ndi tepi yofiira, amuikira mkuluyo soketi yakeyake ya ketulo pafupi ndi zenera. Mtendere wabwerera. Mkuluyo tsopano akuchitchula chikompyutacho "mlendo wathu," ndipo m'mawa uliwonse akumachipukuta fumbi ndi nsanza yoyera, yokhayo yoyera m'galaja monse.

Kunyumba mwana wanga woyamba wayika khutu pamimba, akuti wam'katimo wamuuza kuti akufuna njinga. Zoona, wakhanda afuna njinga ya saizi ya mkulu wake.

Lachisanu, 14 Malichi

Tsiku lomaliza kuntchito, komanso tsiku la mayeso enieni. Ndinagwirizana ndi abwana: masana, mabasi am'mawa atanyamuka, a pa depoti adule matikiti a pamanja kwa kanthawi, ine ndizimitse Wamkulu dala. A Juzi abwezeretse ka matikiti mwa Wamng'ono, okha. Abwana anachita kufunsa kawiri. "Mukufuna kupha chinthu chamoyo kuti muone ngati chingadzuke?" Ndinati eya, kuli bwino chife ine ndilipo.

Ndinadina batani. Mafani a Wamkulu anatonthola. Chete wake woopsa, sindinamumvepo m'kachipinda kaja. Ndinatuluka, ndinatseka chitseko, ndinakakhala pa benchi panja. Foni ndinapatsa abwana.

A Juzi anasuzumira pakhomo. Ine maso kumwamba, kuwerenga mbalame. Anabwereranso. Patapita nthawi anatulukanso, ndipo abale, juzi atavula! Malaya okhaokha, onyowa ndi thukuta. Ofesi yonse inaima. Wolandira alendo anati samadziwa kuti bambowa ali ndi mikono.

Koma sizinatheke. Ka matikiti anakabwezeretsa ndithu, kanayaka, koma a pa depoti samakaona. Anafufuza, anafufuza, mzere ukukula, abwana akuyenda uku ndi uku. Mapeto ake ndinalowa, ndinayatsa Wamkulu. Vuto linali kabokosi kamodzi kokha: pobwezeretsa, pulogalamu imafunsa kuti VM ilumikizidwe ku netiweki iti, ndipo mwa Wamng'ono mayina ake ndi osiyana. Iwo anangodutsa. Kanali kamoyo koma kopanda khomo lotulukira. Ndinawaonetsa. Anagwira kumutu.

"Ndakukhumudwitsani, asisi." Ndati ayi, mwafika pakhomo penipeni, Lolemba ndibwera mwa ine ndekha tidzabwereze. Avomera, koma juzi anaivala mwakachetechete.

Anzanga anandigulira keke ndi kabulangete. Ndasangalala, zoona. Koma m'galimoto maganizo onse anali pa kabokosi kaja.

Loweruka, 15 Malichi

Kulongedza. Ndaika tchaja m'chikwama cha kuchipatala. Ndapita kubafa, pobwera tchaja chili pa tebulo. Ndachibwezera. Ndapita kukhitchini, pobwera chili pa tebulo. Abambo ake akuwerenga nyuzi ngati sakudziwa kanthu.

Ndati a Juzi sanakonzeke, ndinakuuzani za dzulo, bwanji zikavuta? Akuti, "Mabasi analipo inu musanabadwe, mayi. Mwana uyu abadwa kamodzi." Ndawakalipira kuti sakudziwa za ntchito yanga. Akuti zoona sakudziwa, iwo amangodziwa kujambula zithunzi. Ndalira pang'ono, andisisita mapazi, apongozi abweretsa madzi ofunda osafunsa kanthu.

Tchaja chili pa tebulo. Sindinachibwezere, komanso sindinanene kuti ndavomera.

Msana ukubwera n'kupita. Uku si kuwawa kwa ntchito.

Lachinayi, 20 Malichi

Mtsikana! Anabadwa Lolemba m'mawa. Tsitsi lambiri, mawu ngati hutala ya basi, zala zazitali ngati za abambo ake. Ndatuluka dzulo. Thupi lonse likuwawa ndipo sindinasangalalepo chonchi chibadwire.

Atamuika pachifuwa panga anatsegula diso limodzi, kundiyang'ana ngati akufunsa kuti ndiwe amene umandidyetsa nthochi zija? Ndinamuona. Ndinaona chilichonse, makutu, timakwinya ta pakhosi, kakamwa kakufunafuna. Woyamba uja zimenezi zinandidutsa, ndipo ndalira chifukwa cha onse awiri.

Foni sindinaione chichokere kunyumba. Abambo ake anaizimitsa n'kuiika m'kabokosi ka m'galimoto, pamene pankakhala kiyi wapadera. Akuti anaisunga pabwino.

Mkulu wake wamuyang'anitsitsa, akuti za njinga akambirana akakula pang'ono. Timasokosi tachikasu takula, tikumuvuka.

Loweruka, 22 Malichi

M'mawa ndinalephera kupirira. Ndatuma abambo ake kukatenga foni, ndati ndikungofuna kuyankha achibale. Ndayatsa. Mauthenga a mafuno abwino mbwee. Azakhali, anzanga a kusukulu, ngakhale mkulu wa amakaniko. Koma kuitana kochokera ku ofesi, ngakhale kumodzi. Zii.

Ndiyenera kunena zoona, kanandikhudza. Sabata yathunthu osandifuna? Ndati basi, Wamkulu wadzisunga, mwayi wathu.

Masana kugogoda. Abwana ndi a Juzi, atanyamula phukusi la matewera lalikulu ngati matiresi. A Juzi juzi yatsopano, yobiriwira. Asamba m'manja, amunyamula mwana mwaluso, paja ali ndi ana awo akuluakulu. Ndafunsa za kuntchito mongodutsa. A Juzi akuti zonse zili bwino. Abwana ndiye analephera kusunga.

Wamkulu anafa Lolemba m'mawa. Kufa kwenikweni. Makina oziziritsa anadontha madzi usiku wonse pamwamba pake penipeni, pofika m'mawa kafungo ka kupserera, magetsi onse azima. Depoti yodzaza, anthu opita kuntchito, ana a sukulu. Nthawi yomweyo ine ndinali m'chipinda chochirira ndikufinya dzanja la namwino.

Abwana akuti anatulutsa foni, nambala yanga atayipeza kale. A Juzi, munthu amene sanawayankhepo abwana chiyambire, anagwira dzanja lawo. "Bwana, asisi akuchira. Ikani foniyo m'thumba." Kenako anavula juzi, anaipereka kwa abwana kuti agwire, n'kuwoloka bwalo kupita ku galaja. Abwana akuti anaima pakhomo ndi juzi m'manja ngati mwana wotumidwa, amakaniko onse atazungulira, mkulu wawo akutenthetsa tiyi. Atafika pa kabokosi ka netiweki kaja, a Juzi anaima, analoza sikirini ndi chala, n'kunena mokweza, "Iwe, ndakudziwa." Ka matikiti kanadzuka mwa Wamng'ono. Mabasi ananyamuka mochedwa, anthu anadandaula, tsiku linapita. Enawo anawabwezeretsa mmodzimmodzi mpaka madzulo.

Ine kukamwa yasa. Ndayamba kufunsa, nanga bakapu ya usiku umenewo, nanga mwasintha kuti izikopera kwa Wamng'ono, nanga za malipiro? A Juzi akungogwedeza mwana. "Zobiriwira, asisi. Inu yanu ntchito ndi iyi." N'kundibwezera khanda.

Ndaseka, ndalira, mkaka watuluka wanyowetsa malaya pamaso pa abwana, sindinasamale. Chikompyuta chija chikanakhala sichinawoloke bwalo! Ndawauza abambo ake kuti kiyi wawo uja ndi amene wapulumutsa kampani. Akuti akhala akudikira tsiku loti nzeru zawo zidziwike.

Alendo atapita, abambo ake atulutsa chimene anakatsukitsa dzulo osandiuza. Chithunzi cha Lolemba. Tsitsi langa nyankhalala, maso otupa, nkhope ngati ndamenyedwa. Manja onse awiri ali pa mwana. Maso ali pa mwana.

Akhoma msomali pafupi ndi chakale chija. Ndimati achotse chakalecho, koma mkulu wake wakana, akuti ndi chake. Ndamuitana, ndamukhazika pamwendo, mng'ono wake kudzanja linalo, ndauza abambo ake kuti ajambulenso china cha atatu. Foni yanga inali pampando, yayamba kuwala. Sindinayang'ane n'komwe kuti ndani. Ndati mayi, tazimitsani icho, mukachiike m'galimoto. Apongozi akufunsa kuti batani lake ndi liti, wamng'onoyu wayamba kufunafuna bere, ndipo cholemberachi ndiyenera kuchi...